Kugona mu tenti kuti mukaone chingalawa cha Nowa ku Kentucky, mmene mungachitire ndi banja lonse

Anthu angapo a kutchalitchi kwathu kuno ku Indiana akhala akundifunsa kuti paja mayi munapita kuchingalawa cha Nowa kuja, munakwanitsa bwanji ndi ana atatu kuphatikizanso agogo, ndalama zake zinayenda bwanji, ndiye ndatopa kubwereza nkhani yomweyi pa foni, bola ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha.

Kwa amene simunamvepo, malowa amatchedwa Ark Encounter, ali m'tauni yaing'ono ya Williamstown ku Kentucky, m'mbali mwa msewu waukulu wa I-75 pakati pa Cincinnati ndi Lexington. Anatsegula pa 7 Julaye 2016, ndipo detilo anachita kusankha dala kuti lifanane ndi Genesis 7:7 pomwe Nowa ndi banja lake akulowa m'chingalawa. Eni ake ndi bungwe la Answers in Genesis lomwe mtsogoleri wake ndi Ken Ham, bambo wochokera ku Australia. Anatenga miyeso ya pa Genesis 6:15 ija, mikono 300 m'litali, 50 m'lifupi, 30 msinkhu, n'kumanga chimphona cha matabwa chotalika mamita 155, m'lifupi mamita 26, kupita m'mwamba pafupifupi mamita 16. Tangoganizani bwalo la mpira limodzi ndi theka mutaliika mondondozana. Pa chithunzi simungamvetse, mpaka mutaima pansi pake khosi n'kumapweteka.

Choyamba, gwirizanani masiku, ndipo musanamizane kuti ndi ulendo wa tsiku limodzi

Kuchoka ku South Bend kuno ku Indiana kukafika uko ndi maola ngati asanu pa galimoto, ukaphatikiza kuima kothira mafuta ndi ana ofuna kutoileti mphindi makumi atatu alionse akwana asanu ndi limodzi. Alipo anzathu ena ananyamuka folo koloko m'mawa, kukafika, kuzungulira mothamanga, kubwerera usiku womwewo, anafika kunyumba atakwiyirana okhaokha ndipo ukawafunsa anaona chani amangoti chinali chachikulu. Ayi. Tengani mausiku awiri, atatu ngati ntchito ikulola. Ndipo apa m'pamene tenti ikubwera, chifukwa banja la anthu asanu ndi mmodzi ku hotela ndi zipinda ziwiri, kuchulukitsa ndi mausiku atatu, kuwonjezera kudya m'malesitilanti katatu pa tsiku, ndalama imene mukanatumiza kumudzi ya fetereza yathera pomwepo. Malo amodzi a tenti m'paki ya boma mtengo wake sufika ngakhale pa chipinda chimodzi cha hotela.

Miyezi yabwino ndi Meyi, kumayambiriro kwa Juni, Seputembala ndi Okutobala. Julaye ndi Ogasiti ku Kentucky kumatentha kwa chinyontho, kuja koti ukangotuluka m'bafa wayambanso kutuluka thukuta, ngati ku Nsanje nthawi ya mvula, ndipo mu tenti usiku mumakhala ngati mu uvuni. Komanso ndi nthawi imene sukulu zatsekera ndiye mabasi a matchalitchi amadzadza. Ife tinapita kumayambiriro kwa Juni, usiku kunali kozizirira bwino ndipo ziphaniphani zinali mbwee m'maudzu, ana anathamangitsana nazo mpaka kuiwala matabuleti awo. Ngati mungathe pitani pakati pa sabata, Loweruka kumakhala chinamtindi cha anthu. Maola otsegulira amasintha malinga ndi nyengo ndipo Lamlungu ndi osiyana ndi masiku ena, ndiye yang'anani pa webusayiti yawo musanakhazikitse tsiku, makamaka abale athu osunga Sabata amene mumadalira Lamlungu pa zoyenda ngati izi.

Kenako pezani pogona, msanga

Ife tinasankha Big Bone Lick State Historic Site, paki ya boma la Kentucky pafupi ndi tauni ya Union. Chifukwa chake n'choti ili pakati, kupita kuchingalawa ndi mphindi ngati makumi anayi kulowera kummwera, kupita ku Creation Museum ku Petersburg, nyumba ya bungwe lomwelo yoonetsa nkhani ya kulengedwa kwa dziko, ndi ngati theka la ola kulowera kumpoto. Pali malo 62 oimikapo tenti kapena ngolo zogonamo zija, pamalo pali magetsi, tebulo la panja ndi powotchera nyama, mabafa a shawa alipo, damu losambira la ana liliponso m'nyengo yotentha. Malo 62 si ambiri abale, kumapeto kwa sabata amatha miyezi isanakwane, ndiye bukani pa intaneti kudzera pa webusayiti ya mapaki a Kentucky mukangogwirizana deti. Mukapeza kwadzadza yesani Kincaid Lake State Park kufupi ndi Falmouth, kumeneko kuli nyanja yaing'ono yoti abambo akaponye mbedza, kapena General Butler State Resort Park ku Carrollton ngakhale uko kwatalikirako pang'ono.

Posankha malo pa mapu aja musangodina paliponse. Fufuzani kufupi ndi mabafa koma osati moyang'anizana nawo penipeni, chifukwa usiku wonse anthu amadutsa ndi matochi ndipo chitseko chimangoti phwa phwa. Malo achitatu kapena achinayi kuchoka pa bafa ndiye abwino, agogo akafuna kudzuka usiku sayenda mtunda.

Za agogowa ndinene pano. Ndi apongozi anga, anabwera kudzationa kuchokera ku Ntcheu, ndipo titawafotokozera pulani anakhala chete kaye kenako anafunsa mwana wawo kuti, kodi iwe, nyumba yabwinobwino ili apa, mukufuna tikagone panja kwagwa maliro? Atamva kuti kugona panjako timachita kulipira anangogwira pakamwa. Ngati muli ndi munthu wamkulu ngati ameneyu musamugoneke pansi, mupezereni kabedi kopinda kaja, msana wa zaka 70 si wa masewera.

Yesani tenti kunyumba musananyamuke

Ili ndi langizo limene aliyense amalimva koma salitsatira, ifenso sitinalitsatire. Tenti tinabwereka kwa mnzathu, tinangoiponya m'buti osatsegula, kukafika uko dzuwa likulowa tikupeza kuti zikhomo zokhomera pansi zilimo zinayi zokha m'malo mwa khumi ndi kangapo, bambo akunyumba anayamba kusema timitengo ndi mpeni wa kukhitchini uku udzudzu ukuwadya. Ndiye imikani tenti pa kapinga kunyumba kapena m'chipinda chochezera momwe, werengani mapolo ndi zikhomo, onani ngati zipi ikutseka, ndipo ana aphunzire kugwira uku ndi uku.

Nambala imene amalemba pa tenti musaikhulupirire. Akati ya anthu asanu ndi mmodzi akutanthauza anthu ogona mothithikana ngati usipa pa thandala, opanda chikwama ngakhale chimodzi. Chotsanipo awiri pa nambalayo. Ife tinali ndi matenti awiri, ina ya ine, agogo ndi mtsikana wathu, ina ya abambo ndi anyamata.

Pansi pa tenti yalani lona, koma isatulukire kunja kwa tenti, ipindeni m'mbali, apo ayi mvula ikagwa lonayo imasonkhanitsa madzi n'kuwalowetsa pansi panu penipeni. Tengani matiresi opopa ndi pampu yake, mabulangete enieni chifukwa m'bandakucha kumazizira ngakhale masana kunatentha, tochi ya munthu aliyense, chingwe chachitali cha magetsi chochajira mafoni, mankhwala othamangitsa udzudzu, sopo, mapepala a zinyalala, chingwe choyanikira zovala, ndi zitenje zambiri. Chitenje pa kampu chimagwira ntchito khumi, kuyala pa tebulo, kutchinga posinthira zovala, kufunda pa moto, kupukutira mwana. Masilipasi a ku shawa musaiwale.

Nkhuni musatenge kuchokera kwanu. Mapaki a ku Kentucky salola nkhuni zochokera ku state ina chifukwa cha kachilombo kotchedwa emerald ash borer kamene kapha mitengo yambirimbiri ku America kuno ndipo kamayenda kobisala m'nkhuni. Gulani konko.

Chakudya

Apa ndiye pamene ndalama imapulumukira. Ine ndinaphikiratu ndiwo kunyumba, nkhuku yokazinga, nyemba, ndi nyama ya ng'ombe ya supu, n'kuziumitsa mufiriji mpaka gwa ngati mwala, ndiye mu cooler box zimagwira ntchito ya ayisi tsiku loyamba, pofika tsiku lachiwiri zasungunuka zokha mungotenthetsa. Nkhuku idyeni tsiku loyamba. Ayisi wowonjezera amagulitsa pa malo othira mafuta alionse, muziika watsopano tsiku lililonse ndipo cooler box ikhale pa mthunzi.

Nsima imatheka bwinobwino pa kampu, musamvere zoti kumeneko n'kwa ma hot dog okha. Koma tengani sitovu ya gasi ya mafuwa awiri ija yokhala pansi mwa fulati, osati kaja kakang'ono koika pamwamba pa botolo la gasi, chifukwa mukayamba kuvundula ndi mphamvu poto yense agwa ndipo phala lotentha pa mwendo wa mwana si nkhani yoseketsa. Mthiko, chipande, poto wanu wozolowera uja, ufa muike m'chigubu chotseka bwino kuti usanyowe. Agogo anakana sitovu, anatola miyala itatu n'kupanga mafuwa m'kati mwa chitsulo chosonkhapo moto chija, nsima inatuluka yonunkhira utsi ngati ya kumudzi, ndipo azungu a malo oyandikana nafe anabwera kudzaonerera mpaka analawa ndi nyemba. Kungoti moto uzikhala m'chitsulo chimene anaikacho, osasonkha pena paliponse.

M'mawa tiyi, buledi, mazira, mandasi amene munakazingiratu. Zimene mwaiwala mukagula ku Dry Ridge, tauni yoyandikana ndi Williamstown kumpoto kwake pa I-75 pomwepo, kuli masitolo akuluakulu.

Werengani Genesis 6 mpaka 9 musanapite

Ili ndi gawo limene ndikufuna mulimvetse kuposa za matenti. Sabata yonyamukira, madzulo alionse werengani chaputala chimodzi ndi ana, m'Chichewa ngati muli ndi Buku Lopatulika kapena Buku Loyera, kenako m'Chingerezi kwa ana athu obadwira kunowa amene Chichewa amangomva koma kuyankha ayi. Machaputala anayi okha. Ana adziwe zimene zalembedwadi: kuti Nowa anali ndi zaka 600 chigumula chikubwera, kuti analowa anthu asanu ndi atatu, iye, mkazi wake, Semu, Hamu, Yafeti ndi akazi awo, kuti mvula inagwa masiku 40 koma madzi anakhala masiku 150, kuti nyama zodyedwa sizinalowe ziwiriziwiri zokha koma zisanu ndi ziwiri, kuti anayamba kutuma khwangwala kenako nkhunda, ndi za utawaleza.

Chifukwa chake n'chakuti mukalowa m'chingalawa muja muona zinthu zambiri zimene m'Baibulo mulibe. Nkhani ya Nowa ndi yaifupi, pamene chinyumba chija n'cha nsanjika zitatu, ndiye omanga anadzazamo ndi maganizo awo a mmene zinthu zikanakhalira. Akazi a ana a Nowa anawapatsa mayina ndi mbiri zawo, pamene Genesis satchula dzina la mkazi ngakhale mmodzi. Lesitilanti yaikulu ya pamalopo imatchedwa Emzara's, dzina limene amati ndi la mkazi wa Nowa, koma likuchokera m'buku lakale lachiyuda lotchedwa Jubilees, m'Baibulo lathuli simulipeza. Eni ake sabisa, analemba zikwangwani zonena kuti zina ndi zongoyerekeza, koma mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri sawerenga zikwangwani, amangoona chidole chikuyankhula basi n'kutenga kuti ndi vesi. Ife tinapanga kamasewera, aliyense akaona chinthu anene kuti ichi chili m'Baibulo kapena ichi awonjezera, wopambana agulilidwa ayisikilimu. Agogo anatipambana tonse, anthu a Mvano aja Baibulo ali nalo m'mutu.

Pa msewu

Kuchoka ku South Bend mutsika ndi US-31 mpaka Indianapolis, kenako I-74 kulowera ku Cincinnati, musanalowe mumzinda mukhotere pa I-275 kummwera, mudutsa Lawrenceburg n'kuwoloka mtsinje wa Ohio, mwalowa Kentucky. Njira imeneyi imakupulumutsani ku mlatho wa pakati pa Cincinnati umene madzulo magalimoto amangoima. Nyamukani m'mawa kuti mukafike dzuwa likadalipo, kuimika tenti mumdima ndi pamene maukwati amayesedwa. Mapu dawunilodanitu pa foni chifukwa misewu yaing'ono yolowera ku paki ndi yokhotakhota m'zitunda ndipo netiweki imabwera n'kuchoka. Madzulo samalani agwape, amadumphira pa msewu osachenjeza.

Mukafika imikani tenti kaye, zina zonse pambuyo. Khomo la tenti lisayang'ane kumene kukuchokera mphepo, ndipo musaimike pansi pa nthambi youma kapena pa kadzenje pamene madzi angadikhe.

Usiku chakudya chonse chilowe m'galimoto. Chonse, ngakhale shuga, ngakhale pepala la zinyalala. Kuli kanyama kotchedwa raccoon, kukula kwake ngati galu wamng'ono, kumaso kuli ngati kavala magalasi akuda, manja ake ngati a munthu, kamatsegula cooler box bwinobwino. Usiku woyamba ndinasiya mandasi pa tebulo m'kontena yotseka ndikuti palibe chingachitike, cha m'ma 2 koloko tikumva kwakwata kwakwata, agogo anayamba kupemphera mokweza akuganiza kuti ndi afiti, bambo akunyumba kuwalitsa tochi akupeza katatu kakhala pa tebulo kakudya mwaulemu ngati kaitanidwa. Mandasi 30 anapita choncho.

Tsiku la chingalawa

Matiketi gulanitu pa intaneti. Mtengo wa munthu wamkulu ndi wooneka ndithu, ndipo malo oimika galimoto amalipiritsa padera, ndiye ziwerengereni zonse mukadali kunyumba. Pali tiketi yophatikiza chingalawa ndi Creation Museum imene imatsikirako kusiyana ndi kugula payokhapayokha, komanso onani ngati pali kuchotsera kwa ana ndi okalamba nthawi imene mukupitayo.

Pa I-75 mutulukire pa exit 154. Fikani akamatsegula kumene. Galimoto mumaisiya kutali, pamtunda wa ngati kilomita imodzi ndi theka, n'kukwera basi yawo imene imakutulani pafupi ndi chingalawa, ndiye chilichonse chimene mungachifune tsiku lonse chikhale m'chikwama, matewera, botolo la madzi, mankhwala a agogo, zipewa, chifukwa kubwerera ku galimoto ndi ulendo wina pawokha. Basi ikamakhota n'kuonekera chingalawa chija koyamba anthu onse amangoti haa, agogo anangoti Yehova, n'kukhala chete.

Jambulani zithunzi za panja m'mawa momwemo nkhope zisanatope, cha ku dziwe kuja ndi pamene chimakwana chonse pa foni. Kenako lowani.

M'kati mumayenda pa njira zokwera pang'onopang'ono osati masitepe, ndiye ngolo ya mwana imayenda bwino, ma lift aliponso, ndipo njinga za olumala amabwereketsa. Ngati agogo ali ndi vuto la maondo musachite manyazi, abwerekereni, poyamba akana koma pofika nsanjika yachiwiri akuthokozani. Valani nsapato zoyendera osati za kutchalitchi.

Nsanjika yoyamba ndi ya makola, mizere ya zikwere zamatabwa ndi mitsuko yadothi yosungira madzi ndi chakudya, kuli mdima pang'ono ndipo amaika phokoso la bingu ndi kulira kwa nyama, mwana wathu wachitsiriza anandikakamira pa chitenje pamenepa. Nyama za m'makolamo ndi zosema, zamoyo mukaziona panja. Apa ndi pamene amafotokoza maganizo awo akuti Nowa sanatenge mtundu uliwonse wa galu kapena mphaka umene tikuudziwa lero, koma kholo limodzi la banja lonse la nyamazo, ndipo mwa kuwerengera kwawo inali mitundu pafupifupi 1,400, nyama zonse pamodzi zosakwana 7,000. Nsanjika yachiwiri akuonetsa mmene anthu asanu ndi atatu akanadyetsera ziweto zonsezo ndi kuchotsa ndowe, agogo amene asunga mbuzi ndi nkhumba moyo wawo wonse anaima nthawi yaitali pamenepa akupukusa mutu kuti ntchito yake inalipo. Pali gawo lina loonetsa kuipa kwa dziko chigumula chisanabwere, tizidole ta anthu akuphana, ziphona m'bwalo la nkhondo, nsembe za ana, ngati muli ndi ana aang'ono mmodzi wa inu atsogole akaone kaye kenako muganize ngati mudutsa nawo pamenepo. Chitseko chachikulu chija chilinso pa nsanjika imeneyi, aliyense amafuna chithunzi pamenepo chifukwa cha Genesis 7:16 pamene Yehova anatseka chitseko yekha, ndiye pamakhala kamzere. Pamwamba ndi pogona pa banja la Nowa, khitchini, dimba la ndiwo zamasamba, ndi zofotokoza za miyala ndi chigumula.

Zolemba pa makoma ndi zambiri zedi, munthu wofuna kuwerenga zonse atha maola asanu. Ndi ana simungathe. Gawanani, mmodzi atsale akuwerenga, wina atsogole ndi ana, mukakumane potulukira. Ife maola atatu anakwana ndipo tinatuluka ndi njala ya nkhandwe. Chakudya cha masana tsiku limeneli tinagula konko, kamodzi kokha pa ulendo wonse, ndiye sizinapweteke. Masana ana apite ku Ararat Ridge Zoo kuseri kwa chingalawa, kuli ma kangaroo, ngamila zokwera, mbuzi zoti ana azisisita, apa agogo anaseka mpaka misozi kuona anthu ali pa mzere kuti agwire mbuzi. Bwalo la masewera la ana ndi lalikulu, kulinso zotsetsereka pa chingwe m'mwamba zija koma zimenezo n'zolipira padera, auzenitu ana mukadali m'galimoto kuti izi tichita izi ayi, kupewa kulira pagulu. Potuluka m'chingalawa njira imadutsa m'sitolo ya zidole ndi mabuku, mwachenjezedwa.

Funso la ma dinosaur

Lidzabwera, konzekani. M'makola ena muli ma dinosaur aang'ono, chifukwa a Answers in Genesis amaphunzitsa kuti dziko lili ndi zaka pafupifupi 6,000 zokha, kuti masiku asanu ndi limodzi a chilengedwe anali masiku enieni a maola 24, ndipo ma dinosaur anakhala limodzi ndi anthu mpaka kulowa m'chingalawa. Mwana wathu wachisamba ali mu giredi 7 ndipo kusukulu anaphunzira kuti ma dinosaur anatha zaka 66 miliyoni zapitazo munthu asanakhaleko, ndiye anaima pa khola paja n'kundifunsa kuti mami, wonama ndani, aphunzitsi kapena awa?

Musamukalipire mwana wofunsa chonchi, ndipo musayankhe mothamanga pakati pa anthu. Muuzeni kuti tikambirana pa moto madzulo, ndipo mukambiranedi. Zoona zake n'zakuti asayansi pafupifupi onse sagwirizana ndi zaka 6,000 zimenezi, mtsutso wake ndi wotchuka mpaka Ken Ham anachita dibeti ndi Bill Nye, wodziwika pophunzitsa sayansi pa TV kuno, mu Febuluwale 2014 anthu mamiliyoni akuonera pa intaneti. Ndipo si Akhristu onse amene amawerenga Genesis mmene amawerengera a Ken Ham, alipo ambiri okhulupirira Baibulo ndi mtima wonse amene amati dziko ndi lakale kwambiri, Akatolika ndi mipingo ina yambiri savutika nazo zimenezi. M'banja mwathu momwe sitinagwirizane, abambo ali mbali ya a Ham, ine ndimaona kuti Genesis akutiuza amene analenga ndi chifukwa chake, za kalendala sanatipatse. Agogo anamvetsera mpaka nkhuni zinatsala makala okhaokha kenako anati, inu mukulimbana ndi zaka, ine chandikhudza n'chakuti munthu anamanga chinthu chonse chija mvula isanagwe ngakhale dontho anthu akumuseka. Mwana uja anafunsabe mafunso ena anayi, ena tinayankha ena tinati tikafunse abusa. Ku hotela kukambirana kumeneku sikukanachitika, aliyense akanakhala pa TV.

Tsiku lotsatira

Muli ndi zosankha ziwiri. Creation Museum ku Petersburg ndi ya bungwe lomwelo, inatsegulidwa mu 2007, ili pa exit 11 ya I-275 ndiye ili pa njira yobwerera ku Indiana. Kuli minda yamaluwa yokongola ndi malo oonetsa nyenyezi, koma kuwerenga n'kochuluka kuposa kuchingalawa, ana aang'ono amatopa msanga.

Koma musachoke pa Big Bone Lick osazungulira pakiyo, anthu ambiri amangogonapo osadziwa pamene agona. Pali akasupe a madzi amchere onunkha ngati mazira owola, kalekale nyama zikuluzikulu zinkabwera kudzanyambita mcherewo n'kutitimira m'matope, ma mammoth ndi ma mastodon, abale ake a njovu a ubweya, ndipo mafupa ake ndi amene anapatsa malowa dzina. Mu 1807 pulezidenti Thomas Jefferson anatuma William Clark, wofufuza malo wotchuka, kudzakumba mafupa pamenepa. Pali kanyumba koonetsa mano ndi mafupa, dzino limodzi lalikulu ngati njerwa, ndipo zikwangwani zake zimanena za zaka zoposa 10,000, ndiye dziwani kuti nkhani ya pa moto ija iyambiranso. Mukayenda pang'ono m'kanjira ka m'nkhalango mupeza khola la ma bison, njati za ku America, zamoyo, pitani m'mawa zisanabisale pa mthunzi.

Mukayenda m'tchire choncho valani mathalauza aatali ndi masokosi, ndipo madzulo mufufuze mwana aliyense nkhupakupa, kuseri kwa makutu, m'khwapa, m'chiuno, m'tsitsi. Nkhupakupa za kuno zimapereka matenda, mukaipeza izuleni ndi katweezer mogwira kumutu kwenikweni n'kukoka molunjika, osaiwotcha ndi machesi ngati mmene timachitira ndi za agalu kumudzi, ndipo mwana akayamba kutentha thupi kapena kutuluka chibanga chofiira m'masabata otsatira pitani naye kuchipatala mukanene kuti munali m'tchire. Aphunzitseninso kuti kachitsamba ka masamba atatuatatu asakagwire, ndi poison ivy, kamayabwitsa kuposa chitedze ndipo matuza ake amatenga masabata.

Nyengo muziyang'ana pa foni m'mawa ndi madzulo. Mvula ya mabingu ku Kentucky imabwera mwadzidzidzi, mukamva bingu tulukani mu tenti mukakhale m'galimoto mawindo otseka, ndipo foni ikalira chenjezo la tornado thamangirani ku nyumba ya mabafa ija, ndi ya njerwa. Ife inatipeza usiku womaliza, mvula yokha popanda chimphepo, anyamata anasangalala kuti chigumula chayamba ndipo chingalawa tikudziwa kumene chili.

Popasula kampu zimitsani moto ndi madzi mpaka phulusa lizizire loti mutha kuligwira, tolani kachinyalala kalikonse, ndipo onani ola lotulukira limene analemba pa risiti yanu chifukwa ena akudikira malo omwewo. Tenti ikakhala yonyowa ipindeni choncho koma mukangofika kunyumba iyanikeni tsiku lomwelo, pa khonde kapena m'galaja, ikagona m'chikwama masiku atatu imachita nkhungu ndipo fungo lake silichoka. Yathu inali yobwereka paja, ndiye tinaibweza itauma bwino pamodzi ndi paketi yatsopano ya zikhomo.